Mukufuna Chevy ya 1957? Yambani ndi dzimbiri, za penti muziona kumapeto

Amene mwakhala mukuona zithunzi za Chevrolet Bel Air ya 1957 pa Facebook, ija ya zipsepse kumbuyo ndi chrome yonyezimira paliponse, n'kumati tsiku lina ndidzakhala nayo ine, tiyeni tikambirane mmene ntchito yake imayendera. Chithunzi chija ndi mapeto chabe, kuseri kwake kuli munthu amene wakhala miyezi atagona chagada pansi pa galimoto dzimbiri likumuthothokera m'maso. Nditenga Chevrolet za 1955, 1956 ndi 1957, zomwe eni ake ku America amangoziti Tri-Five, chifukwa masipeya ake savuta kupeza kuposa ina iliyonse ya zaka zimenezo, koma zambiri apa zithandizanso amene mtima uli pa Ford, Buick, Plymouth kaya Studebaker.

Ndineneretu chinthu chimodzi. Magalimoto ambiri otere safa ndi ukalamba, amafera m'makatoni. Munthu amagula Lachisanu, pofika Lamlungu madzulo wachotsa zitseko, mipando, injini, magalasi, mawaya onse, mabawuti wangothira m'chidebe chimodzi, kenako ndalama zathera panjira, ana akufuna fizi, chaka chapita, china chapita, mapeto ake amaigulitsa motaya ili zidutswazidutswa ndipo wogulayo sadziwanso kuti chiti chimalowa pati. Ndiye dongosolo lomwe ndikupatseni ndi lakuti galimoto ikhale yathunthu nthawi yaitali ndithu. Ilire kaye, iziima mukaponda buleki, iyende, zokongoletsa zibwere pambuyo.

Choyamba, sankhani molingana ndi thumba

Zaka zitatu zimenezi Chevrolet inkatulutsa magalimoto pafupifupi 1.5 miliyoni kapena kupitirira chaka chilichonse, ndiye sikuti ndi osowa kwambiri ayi. Analipo a magulu atatu, 150 yomwe inali ya munthu wamba, 210 yapakatikati, ndi Bel Air yapamwamba. Kunsi ndi galimoto imodzi, fulemu yomweyo, kutalikirana kwa mawilo mainchi 115 omwewo. Chimene chimakweza mtengo ndi bodi. Convertible ya denga lopinda, hardtop ya zitseko ziwiri yopanda chipilala chapakati ndi Nomad, yomwe ndi station wagon ya zitseko ziwiri, ndi za anthu a ndalama zawo, zija zimagulitsidwa pa okushoni ya Barrett-Jackson ku Scottsdale mu Januwale. Ya 210 ya zitseko zinayi ndiye yotsikirako, ndipo kunena zoona kwa ife amene timanyamula banja lonse ndi apongozi omwe, imeneyi ndiye yothandiza. Komano wopenta, wa chrome ndi wokonza injini safunsa kuti zitseko ndi zingati, mtengo ndi womwewo, choncho ya zitseko zinayi mukadzaigulitsa simudzabweza zomwe mwalowetsa. Ngati mukuganiza za phindu basi lekerani pomwepa.

Kumbali ya injini, inalipo ya masilinda sikisi ya 235, ndi V8 ya 265 yomwe inayamba mu 1955 pansi pa injiniya Ed Cole, kenako V8 ya 283 mu 1957, manambalawa ndi kukula kwa injini m'ma cubic inch. Sikisi ija musainyoze, ndi yolimba, malo m'boneti ndi ambiri moti mumafikira chilichonse osasupuka dzanja. Wina akakuuzani kuti yake ndi ya fuel injection ya Rochester ya ku fakitale, muuzeni akuonetseni umboni chifukwa zimenezo zinali zochepa kwambiri. Giya inalipo ya manual ya magiya atatu handulo ili pa chiwongolero, Powerglide ya automatic ya magiya awiri okha, ndi Turboglide ya 1957 yomwe inali ndi mbiri yovuta moti ambiri anazizula kalekale n'kuika ina.

Kokayang'ana ndi za mapepala

Abale amene muli ku America muli pabwino. Onani pa intaneti pa masamba ogulitsirapo magalimoto monga Hemmings, Bring a Trailer ndi Facebook Marketplace, ndipo ngati mungathe pitani ku msika wa zakale wa ku Hershey, Pennsylvania, mu Okutobala, kapena wa ku Pomona ku California, mukaphunzire mitengo musanatulutse kanthu. Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti galimotoyi yakhalira kuti moyo wake wonse. Ku Michigan, Ohio ndi New York amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, ndiye chitsulo chimadyeka kuchokera pansi. Ya ku Arizona kapena New Mexico mudzapeza mipando yang'ambika, malabala onse auma gwa ndi dzuwa, koma chitsulo chili bwino, ndipo labala ndi nsalu ndi zotchipa poyerekeza ndi kuwotcherera.

Amene muli ku Joni simukuyenera kuwoloka nyanja. General Motors, kampani yopanga Chevrolet, inali ndi fakitale ku Port Elizabeth, komwe pano akuti Gqeberha, kuyambira 1926, ndipo ankalumikizako Chevrolet zachiwongolero kumanja monga timayendetsera kwathu kuno. Lamulo ndi lomwe lija, ya m'mbali mwa nyanja ku Durban iopeni, ya ku Karoo kapena Free State ndiye yoyenera ulendo. Ku zionetsero za magalimoto akale monga Cars in the Park ku Zwartkops kapena George Old Car Show mukakumana ndi madala amene amadziwa komwe kwagona galimoto m'shedi. Chenjezo ndi lakuti makatalogi a ku America amagulitsa zinthu za chiwongolero chakumanzere, ndiye pa yakumanja onetsetsani kuti steering box, dashibodi ndi mapedulo zonse zilipo, zikasowa mudzayenda mtunda.

Pa ya ku America, tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane kachitsulo ka nambala pa chipilala cha mahinjesi. Ikayamba ndi V ndiye kuti inatuluka ndi V8, popanda V inali ya sikisi. Kenako A ndi 150, B ndi 210, C ndi Bel Air, kutsatira manambala awiri a chaka, ndi chilembo cha fakitale monga F ya Flint, S ya St. Louis, L ya Los Angeles. Ndiye VC57 ndi Bel Air yeniyeni ya V8 ya 1957. Mukaona galimoto yavala zonse za Bel Air koma nambala ikuti B57, imeneyo ndi 210 ya sikisi yovekedwa suti yobwereka, si yoipa ayi koma musalipire mtengo wa Bel Air. Zolumikizidwa ku South Africa zili ndi manambala a mtundu wina, musadabwe zikapanda kugwirizana ndi izi. Nambala ya pagalimoto ifanane ndi ya papepala chilembo ndi chilembo. Ma state ena sapereka title, pepala la umwini, pa galimoto zakale, mwachitsanzo New York ya 1972 kubwerera mmbuyo imangokhala ndi registration yosinthika dzina, ndiye dziwani pepala lomwe state yanu ivomereze musanapereke ndalama. Yopanda pepala lililonse ndi ya masipeya basi.

Kuyendera bodi, apa ndiye pagona nkhani

Injini yakufa si vuto lalikulu, V8 ya Chevrolet imeneyi, yomwe amaiti small block, anaipanga mamiliyoni ambirimbiri ndipo masipeya ali mbwee. Chomwe chimamaliza anthu ndi dzimbiri. Tengani tochi, sikuludalaiva yaitali, kamaginito kofooka kaja ka pa filiji, katoni yogonera, ndi mnzanu mmodzi amene galimotoyo sakuifuna, chifukwa inu maso adzakhala pa zipsepse.

Yambani pansi. Gogodani fulemu ndi chogwirira cha sikuludalaiva kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka chimangoti phu ndipo mkati mumamva zinyenyeswa zikugwa. Samalani kwambiri pomwe masipuling'i akumbuyo amagwira ndi pomwe bodi imakhala pa fulemu. Kenako tukulani kapeti, musachite manyazi, onani pansi pomwe dalaivala amaponda ndi pansi pa mpando wakumbuyo. Tsegulani buti, chotsani tayala la sipeya muone m'dzenje lake chifukwa madzi amakhalamo zaka, onaninso mmphepete kumbuyo pansi pa chivundikiro cha buti. Chitsulo cha mmunsi mwa zitseko, mmunsi mwa madigadi kuseri kwa tayala lakutsogolo, ndi pamwamba pa magetsi akutsogolo pomwe matope amaunjikana mkati, malo onsewa Tri-Five imakonda kudwala. Kamaginito kaja kayendetseni mmunsi monse, pomwe kakukana kugwira pali filler, phala lomatira bodi, wokhuthala wobisa bowo. Tsegulani ndi kutseka zitseko zonse, chitseko chikamagwa pansi potsegula kapena mpata wake uli waukulu mmwamba waung'ono mmunsi, mwina ndi mahinjesi chabe koma mwinanso bodi yayamba kupindika.

Penti watsopano wonyezimira pa galimoto yomwe pansi apaka phula lakuda lokhuthala sabata yatha, ine ndimamuopa kuposa dzimbiri looneka. Bola galimoto yosuluka yomwe ikuonetsa matenda ake onse poyera. Ndipo werengani tizitsulo tokongoletsa tonse ta m'mbali, ma badge, zogwirira zitseko, mawotchi a pa dashibodi, chifukwa tinthu ting'onoting'ono timeneti mukamagula kamodzikamodzi ndalama imatha mosaoneka.

Malo ndi zida

Galimotoyi ndi yaitali pafupifupi mamita asanu, ndiye mufunika malo a simenti okhala ndi denga oti zitseko zizitseguka mbali zonse. Mabawuti ake ndi a mainchi, si a mamilimita. Gulani masipana ndi masoketi a 3/8, 7/16, 1/2, 9/16, 5/8 ndi 3/4. Sipana ya 13 imaoneka ngati ikukwana pa bawuti ya 1/2 koma ili ndi kampata, pa bawuti yadzimbiri imangozunguliza mutu n'kukusiyirani ntchito ya tsiku lonse. Makanika wanu akafika ndi bokosi la Toyota lokha, muuzeni mwaulemu kuti bambo dikirani kaye. Gulaninso ma jack stand anayi olimba, pansi pa galimoto yolemera chonchi salowa ili pa jeke yokha kapena pa njerwa. Chozimitsira moto chikhale pafupi. Ndipo pezani buku la ku fakitale la chaka chanu, amasindikizabe mpaka pano pamodzi ndi assembly manual yomwe imaonetsa bawuti iliyonse komwe imapita.

Kudzutsa injini yomwe yagona zaka

Osangoika batire n'kupotokola kiyi, chonde. Chotsani mapulagi onse, thirani ka oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, kaya wa giya ya automatic, musiye masiku angapo. Kenako itembenuzeni ndi manja. Ma V8 oyambirirawa ambiri alibe bawuti pakati pa pule yakutsogolo, ndiye mumatembenuzira pa mano a flywheel ndi chitsulo kapena kulimbitsa lamba wa fani n'kukoka. Ikakana musakakamize, onjezerani oyilo mudikirenso. Ikayamba kuzungulira vundukulani ma valve cover muone ngati ma rocker onse akukwera ndi kutsika, chifukwa valavu imodzi yomata imapinda pushrod mukangoliza sitata.

Khetsani oyilo wakale mumuyang'ane bwino, akatuluka madzi kaye kapena ali ngati tiyi wamkaka ndiye kuti gasiketi kapena bulokoyo ili ndi nkhani. Thirani watsopano ndi fyuluta yatsopano. Pa 265 ya 1955 musafufuze fyuluta pansi pa injini, chaka chimenecho inalibe malo ake, inali yongowonjezera pamwamba kwa amene analipira, ya m'buloko inayamba mu 1956. Mapulagi akadali kunja, zungulizani ndi sitata pang'onopang'ono mpaka getsi la oyilo lizime.

Petulo wa mu thanki yakale musamuyese n'komwe, wasanduka vanishi wonunkha ndipo amamata mavalavu. Masulani paipi pa pampu muiike m'kachigubu ka petulo watsopano, kutali ndi batire. Tsegulani disitiribyuta, palani ma points kapena ikani atsopano pa mpata wa 0.019 inchi, mapulagi pa 0.035. Firing order, ndondomeko yomwe mapulagi amayatsira moto, ya V8 ndi 1-8-4-3-6-5-7-2, masilinda 1, 3, 5, 7 ali kumanzere mukakhala pampando, 2, 4, 6, 8 kumanja, ndipo rota imazungulira monga wotchi. Ya sikisi ndi 1-5-3-6-2-4. Waya wa 5 ndi wa 7 ali moyandikana ndiye anthu amasinthanitsa kawirikawiri, injini n'kumaphulika mu kabuleta. Pa chifukwa chomwecho musaweramire pa kabuleta mnzanu akamaliza sitata, nsidze zimapita.

Kanthu kena kamene kamazunguza mitu: injini ikulira mukagwira kiyi pa sitata koma mukangosiya yazima. Musaphwasule kabuleta. Pa chipupa cha kuseri kwa injini pali kachidutswa koyera kadothi kotchedwa ballast resistor, kakapsa zimatero, ndipo n'kotchipa zedi, gulani tiwiri kena kazikhala m'galimoto. Ikalira isiyeni itenthe uku mukuyang'ana madzi ndi oyilo, kenako yezani compression. Manambala asasiyane kupitirira 10 peresenti kapena chapompo. Ikakhala bwino osaitsegula, injini yoyenda isiyeni iyende.

Mabuleki musanatuluke pageti

Yalira, mtima uli dyokodyoko kufuna kuzungulira nayo. Ayi. Magalimoto amenewa ali ndi ma drum mawilo onse anayi ndi master cylinder, pampu yomwe pedulo ya buleki imakankha, ya chipinda chimodzi, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika paliponse pedulo imapita pansi, mabuleki onse anayi athera pomwepo. Ya zipinda ziwiri inafala ku America cha mu 1967. Ndiye apa palibe zokonza mwachigamba, sinthani zonse, ma wheel cylinder anayi, mapaipi atatu a labala, mapaipi achitsulo, ma shoe ndi masipuling'i ake, ndipo ine ndimalimbikitsa kuika master ya zipinda ziwiri ngakhale okonda za original azidandaula. Fumbi la m'ma drum akale likhoza kukhala ndi asbestos, musaliuzire ndi kompuresa, linyowetseni n'kupukuta mutavala chotseka mphuno. Chitani mbali imodzi kaye, inayo ikhale chitsanzo. Mabuleki amenewa sadzikonza okha mpata, mumachita kutembenuza kagiya ka nyenyezi kudzera pa kabowo kuseri, ndipo muzichita zimenezi nthawi ndi nthawi. Brake fluid ndi DOT 3 kapena DOT 4, osasakaniza ndi DOT 5.

Ma disc kutsogolo ndi abwino ngati muziyenda mu tauni momwe ma minibasi amaima paliponse, koma funsani kaye ngati kit yake ikulowa m'marimu anu, chifukwa ya 1957 inabwera ndi a mainchi 14 pomwe 1955 ndi 1956 anali a 15, ndipo ma kit ambiri pa 14 ya original amakhula. Mukadali pomwepo onani ma bearing akutsogolo, a ku fakitale anali a mipira, ambiri amasintha kuika a roller. Gwedezani ma ball joint, ma tie rod ndi idler arm, chilichonse chogwedera chichoke.

Matayala onani deti lake pambali, manambala anayi omaliza a DOT ndi sabata ndi chaka, 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Akakhala atatu okha tayalalo ndi la chisanafike chaka cha 2000, litayeni ngakhale mapanga ali atsopano. A mzere woyera waukulu aja amagulitsa a Coker Tire ku Chattanooga, alipo a bias-ply achikale ndi a radial. Radial amayenda mowongoka bwino pamsewu, kungoti popaka galimoto yopanda power steering mikono imadziwa. Malamba a pampando ikani, anayamba kukakamizidwa ku America mu 1968 ndiye yanu mwina ilibe, ndipo dashibodi yake ndi chitsulo chokhachokha.

Petulo, madzi ndi magetsi

Thanki yakale ya magaloni 16, pafupifupi malita 60, kuitsuka ndi kutaya nthawi, yatsopano ilipo. Mapaipi onse a labala, pampu ndi kit ya kabuleta zikhale zopirira ethanol. Ku America petulo wambiri ali ndi 10 peresenti ya ethanol, ndipo amene mudzaibweretse ku Malawi dziwani kuti kwathu takhala tikusakaniza ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982. Ethanol amadya labala wakale ndipo amakoka chinyezi galimoto ikangokhala. Za petulo wa lead, yemwe ku America anathera pamsewu mu 1996 ndipo ku South Africa mu 2006, anthu amaopsezana mopitirira. Ngati mukuyenda mofatsa weekend yokha palibe changu, tsiku lomwe ma head adzatsike ndiye mudzaiketse ma valve seat olimba. Chofunika kwambiri ndi oyilo. Camshaft ya injini izi ndi ya flat tappet, imafuna oyilo wokhala ndi zinc wokwanira yemwe pa botolo amalemba ZDDP, oyilo wa magalimoto amakono anamuchepetsa ndipo cam ikhoza kudyeka, makamaka yatsopano.

Radiyeta ipititseni kwa odziwa akaitsuke kapena kuika core yatsopano, sinthani mapaipi, thermostat ndi ma welch plug omwe akuonetsa dzimbiri. Chivundikiro cha radiyeta cha original ndi cha mphamvu yochepa, mapaundi 7, mukaika chamakono cha 15 pa heater yakale madzi otentha adzakuthirani kumapazi.

Magetsi a Chevrolet kuyambira 1955 ndi a 12 volts, zomwe ndi mwayi. Amene mwagula Ford ya 1955 kubwerera mmbuyo samalani, ndi ya 6 volts ndipo waya wa positive ndi womwe umapita ku bodi, mukalumikiza mwachizolowezi muwotcha zinthu. Mawaya a zaka pafupifupi 70 amakhala ouma, ena analumikizidwa ndi tepi ndi eni ake asanu osiyana, ndipo mafyuzi ndi ochepa, ena mwa magalimotowa amapsa chifukwa cha zimenezi. Waya yense watsopano wa kampani ya American Autowire kapena Painless ndi ndalama yogwiritsa bwino. Musanafike pamenepo ikani switch yodulira batire muzizimitsa usiku uliwonse. Jenereta yakale satchaja bwino injini ikamangolira poima, alternator imathetsa vutolo. Ndipo ngati yanu ili ndi mawaipa a vacuum, musadabwe mukamakwera chitunda mvula ili pakati iwo n'kuima, mukachotsa phazi n'kuyambanso. Sanawonongeke, anapangidwa choncho, mota yamagetsi yolowa pomwepo ilipo.

Tsopano iyendetseni

Miyezi ingapo, ili yosuluka chomwecho. Muziyenda maulendo afupiafupi ndi kope m'galimoto, kulemba chilichonse chomwe chikulira, kudontha kapena kutentha. Apa ndi pomwe mumadziwa ngati mukuikondadi kapena munangokonda chithunzi, chifukwa kuyendetsa galimoto ya 1957 ndi ntchito, chiwongolero chachikulu, pokhota imapendama, petulo imamwa mosanyengerera. Pomwepanso mudzasankha ngati mukufuna ya original kapena yosinthidwa. Ku Havana, ku Cuba, anthu akhala akuyendetsa magalimoto omwewa ngati mataxi ndi injini za dizilo za ku Asia ndi ku Russia chifukwa masipeya a ku America anatsekedwa kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo ndikudziwa wina akuganiza kale za dizilo ya Hilux. Ndi galimoto yanu, koma injini ya original musaigulitse kwa a zitsulo, ithireni oyilo muisunge pakona, makamaka ngati nambala yosindikizidwa pa buloko, yomwe pa V8 ili kutsogolo kwa head yakumanja, ikugwirizana ndi chaka chake.

Bodi, penti, chrome

Apa ndiye mwaloledwa kumasula, koma chigawo chimodzi pa nthawi. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse, mabawuti alowe m'timapepala ta pulasitiki tolembedwa, kalembedwe kake kakhale koti munthu wina angamve, osati kungolemba kuti zakutsogolo. Mapanelo atsopano a pansi, a buti ndi a m'mbali amagulitsa a Classic Industries ku California, mpaka bodi yathunthu yatsopano ikupangidwa ndi Real Deal Steel ku Florida, koma dziwani kuti panelo yatsopano kawirikawiri siingolowa yokha, imafuna kudula ndi kumenya.

Musanadule pansi kapena mmunsi mwa zitseko, wotchererani zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko chilichonse kuti bodi isapindike, makamaka pa hardtop ndi convertible zomwe zilibe chipilala chapakati, mukapanda kutero zitseko sizidzatsekanso bwino. Dzimbiri amadula mpaka pa chitsulo choyera, sapaka filler pamwamba pake. Wowotcherera akhale wa makina a MIG kapena wodziwadi gasi, wa ma rod amene amapanga mageti ndi mabagala baa angokubowolerani panelo. Aziwotcherera kadontho apa, kadontho uko, kudikira kuzizire, akathamanga mzere umodzi chitsulo chimapindika. Sandblasting ndi yabwino pa fulemu ndi pansi, koma pa boneti, denga ndi zitseko imapinda chitsulo, pamenepo ndi sandipepa kapena mankhwala. Penti wakale ndi malo omwe fakitale inalumikiza mapanelo muli lead, valani chotseka mphuno chenicheni ndipo ana asasewere pafupi. Chitsulo chikangoyera chipakeni epoxy primer tsiku lomwelo.

Musanapente yesani kumangirira zonse, zitseko, boneti, mabampala, tizitsulo ta m'mbali, muone mipata, chifukwa kuboola bowo pa penti watsopano kumapweteka mtima. Mtundu wa original uli pa kachitsulo kena ka kuseri kwa injini komwe kali ndi nambala ya penti ndi ya mipando. Pa zonyezimira siyanitsani, tizitsulo ta m'mbali ndi stainless, timangofuna kuwongola ndi kupolisha, mabampala ndi chitsulo chokutidwa ndi nickel ndi chrome, pomwe ma badge ndi zina zoumbidwa ndi pot metal yomwe imachita timabowo ndipo kukonzetsa kwake nthawi zambiri kumaposa kugula chatsopano. Galasi lakutsogolo lokhota m'mbali lija lichotseni podula labala, musalikankhe, ndipo poika pakhale anthu awiri kapena atatu. Mipando, kapeti ndi nsalu ya kudenga ndi zomalizira, fumbi lonse litatha.

Ngati mukuitumiza kumudzi

Funsani a MRA za msonkho ndi a Road Traffic za chiwongolero chakumanzere musanagule, osati galimoto ili kale pa doko. Potuluka ku America mapepala a umwini amayenera kufika kwa a kasitomu maola 72 isanakwere sitima. Iikeni mu kontena kaya ikudzera ku Durban, Beira kapena Dar es Salaam, ndipo malo otsala mudzaze masipeya, ma points, condenser, koyilo, pampu ya petulo ndi ya madzi, malamba, magasiketi, ma shoe, mafyuluta, chifukwa kutumiza kachinthu kamodzi pandege kumadula kuposa kachinthuko.

Ikafika isagone pa udzu kapena pa dothi, chinyezi chimakwera kuchokera pansi, ndipo lona ya pulasitiki imasunga thukuta n'kuwononga penti. Makoswe amakonda thonje la m'mipando ndi mawaya, tcherani misampha. Kungoiliza mphindi zisanu pakhomo sikuthandiza, kumangodzaza madzi mu ekizozi, itulutseni kamodzi pa masabata awiri kapena atatu iyende mpaka itenthe bwinobwino. Girisi pa ma nipple akutsogolo muzipopa pafupipafupi, magalimoto a nthawi imeneyo ankafuna zimenezi pa mamailosi 1,000 aliwonse. Ndipo pa filling station muzitsika nokha mukawaonetse pothira, apo ayi azungulira galimoto katatu. Pa ya 1955 pali kachitseko pa madigadi yakumbuyo kumanzere, pa ya 1956 mumapotokola kachitsulo getsi lakumbuyo lakumanzere n'kutseguka, pa ya 1957 chivundikiro chabisala kuseri kwa chrome ya pa chipsepse chakumanzere, pamwamba pa getsi.